Keyala ya gulu ilembedwe m'dzina la gulu

Makolo athu kuno ku Cobue sankakhala ndi keyala yawoyawo. Kalata yochokera ku Joni kapena ku Halale inkalembedwa dzina la munthu, pansi pake zilembo ziwiri zija za c/o, kenako dzina la mishoni kapena la aphunzitsi ena pa Likoma. Inkawoloka nyanja m'thumba la wopalasa bwato. Eni keyala akasamuka kapena kumwalira, makalata anu ankasowa pofikira.

Lero makalata ambiri akuyenda pa lamya ya m'manja, koma ine ndikuona kuti vuto lija silinathe, langosintha malaya. Ndine mlembi wa gulu la asodzi ndi ogulitsa usipa, ndipo makalata opita ku mabungwe a ku Lichinga amadzera m'manja mwanga, choncho ndikunena zomwe ndaona.

Keyala ya imelo ili ndi mbali ziwiri. Kumanzere kwa chizindikiro cha @ kuli dzina lanu, kumanja kuli dzina la eni nyumba. Mukatsegula Gmail, eni nyumba ndi kampani ya Google, inu ndinu wa c/o. Kwa munthu mmodzi zimenezi zilibe vuto, ndi zaulerenso. Koma gulu, mpingo kapena nyumba yogona alendo ingathe kukhala ndi dzina lakelake kumanjako, monga mlembi@dzinalagulu.co.mz. Dzina limeneli amati domeni. Mlembi akasintha, keyala imatsala, watsopano amangolandira mawu achinsinsi otsegulira.

Gulu lathu linakhalapo nalo dzina lotere. Mlendo wina wa mtima wabwino, yemwe anakhala nafe miyezi ingapo, anatilembetsera, nalipira ndi khadi lake la ku banki. Analemba dzina lake ndi nambala yake ngati mwini. Atabwerera kwawo chaka chinatha, ndalama ya chaka chachiwiri sinaperekedwe, ndipo keyala inafa mwakachetechete. Makalata otikumbutsa za malipiro ankapita kwa iye. Bungwe lomwe tinapemphako thandizo la injini ya bwato linatilembera, kalata inabwerera, ife tinadzamva nthawi yoyankha itadutsa kale. Injiniyo anapatsa ena. Sindimuda mlendo uja, koma tsiku lomwe ndinaima pamaso pa mamembala kufotokoza nkhaniyi sindidzaliiwala.

Abale, domeni sagula ngati ukonde. Amabwereka, ndipo amalipira chaka ndi chaka ngati msonkho wa pa msika. Olembetsa mayinawa ndi makampani, ena akunja monga Namecheap ndi GoDaddy, ena a m'dziko muno. Dzina lothera ndi .com limadya madola 10 mpaka 20 pachaka. Chenjerani ndi mtengo wa chaka choyamba, popeza ena amautsitsa dala ngati nyambo, wa chaka chachiwiri n'kukwera. Funsani wachiwiriwo musanalipire. Dzina likafa pamakhala masabata owerengeka oti muliwombole, nthawi zina pa mtengo wokwera, zikapitirira aliyense angathe kulitenga n'kumalandira makalata olembedwa kwa inu.

Pali kusankhanso mathero a dzina. A dziko lathu ndi .mz, omwe anayamba mu 1992, chaka chomwe nkhondo inatha, m'manja mwa likulu la makompyuta la Yunivesite ya Eduardo Mondlane ku Maputo. A ku Malawi ndi .mw, omwe anaperekedwa kwa a Malawi SDNP ku Blantyre mu 2002. Ife a m'malire timagwira za mbali zonse, lamya imodzi muli Movitel, ina muli Airtel, koma ine ndimakonda .mz kaamba koti mapepala a gulu ndi a boma la Mozambique, ndipo wa mu ofesi ku Metangula akaona matherowo amadziwa kuti ndi anthu ake. Amene malonda ake amadalira alendo akunja otsika Ilala pa Likoma angakonde .com, sindimutsutsa.

Dzina palokha sililandira kalata. Pamafunika bokosi, ndipo nalo amalipira padera, kaya kwa kampani yomweyo kapena kwa ena monga Zoho ndi Google. Pali malo ena mu akaunti otchedwa MX, pomwe mumalemba kuti makalata a dzina lino azifikira ku bokosi lakuti. Ntchito imeneyi mnyamata wodziwa kompyuta amaimaliza msanga. Mulekeni athandize, koma mukhale naye pomwepo ndi kuona ndi maso anu kuti pamalo a mwini walemba dzina la gulu osati lake.

Chovuta kwenikweni kuno ndi malipiro, chifukwa makampani akunja amafuna khadi la Visa kapena Mastercard, pomwe ambiri a ife ndalama timasunga mu e-Mola kapena M-Pesa. N'chifukwa chake kampani ya m'dziko muno yolandira meticais, yomwe mungaiimbire m'Chipwitikizi zinthu zikavuta, imaposa yotchipa ya kutali.

Pa gulu lathu tsopano tinalipiriratu zaka ziwiri. Mawu achinsinsi amawadziwa anthu atatu, wapampando, msungichuma ndi ine, ndipo alembedwa m'buku lomwe limakhala m'bokosi la ndalama. Nambala yolandirira uthenga wotsimikizira ndi ya msungichuma, mayi amene sanasinthepo simu chigulire lamya yawo. Tsiku lolipiranso talilemba pa chikuto cha buku la msonkhano, mwezi umodzi lisanakwane.