Ola limene tinataya pa Tunduma

Kuno ku Chanyanya, boma likatseka usodzi pa 1 December, doko limakhala zii mpaka kumapeto kwa February. Mabwato amagona pamtunda, maukonde amapachikidwa, ndipo ife azimayi ogulitsa nsomba za mu Kafue timangowerenga masiku. Chaka chatha asanu a ife a m'gulu la chilimba tinakana kungokhala manja lende. Tinasonkha ndalama kuti tikaode zitenje ndi nsapato za ana ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam, tidzagulitse m'tauni ya Kafue masukulu akamatsegulira mu January.

Pa asanufe, wodziwa bwino foni anali wamng'ono pa tonse, mpongozi wa amayi atcheya. Iye ndiye tinamusenzetsa zonse za ulendo. Mbale wina wa ku Nakonde anatigulira matikiti a basi yochoka ku Tunduma, tsidya la Tanzania, n'kutiuza pa WhatsApp kuti inyamuka 06:00 m'mawa. Mtsikanayo, ali khale pansi pa mtengo wa mango pakhomo pa apongozi ake, analemba mu Google Calendar kuti 06:00, n'kuika chikumbutso choti chilire kutatsala ola limodzi. Pa chithunzi cha tikiti panalembedwa kuti "saa 12 asubuhi". Tinaseka, n'kunena kuti kalaliki wa basiyo sanapite kusukulu.

Palibe mwa ife amene anaganizako za kusintha kwa nthawi, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Ena a ife tinaolokapo pa Chirundu kupita ku Zimbabwe, ena pa Mwami kupita ku Malawi, wina anafikapo ku Johannesburg. Konseko wotchi siisintha, chifukwa maiko amenewa ali pa nthawi imodzi ndi Zambia. Tinakula tikudziwa kuti pa boda amasintha ndalama basi.

Tinanyamuka ku Intercity ku Lusaka, kudutsa Kabwe, Kapiri Mposhi, Serenje, Mpika ndi Isoka, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,000. Tinadinditsa mapasipoti pa Nakonde, n'kukagona pa loji ina ku Tunduma, misana ili ndwii. M'mawa foni inalira. Wotchi yake inkati 06:00, kalendala inkati basi ndi 07:00. Mtsikanayo anazizwa pang'ono, koma tinamuuza kuti foni ikudziwa zimene ikuchita. Tinasamba mosapupuluma, tinamwa tiyi ndi mandazi. Titafika pa siteshoni tinapeza pamalo pa basi yathu pali mafuta okha pansi. Kalaliki anangotiloza wotchi ya pakhoma. Ndalama sanabweze.

Matikiti asanu atsopano, kuphatikiza usiku wina pa loji ndi chakudya, zinadya ndalama zimene zikanagula mulu wa zitenje. Sizinali zathu zokha. Munali za azimayi ena a chilimba amene anatsala kumudzi akutikhulupirira.

Amayi atcheya anatembenukira mpongozi wawo pamaso pa anthu. "Apongozi, ndiye foni ija mumatinyadira nayoyi? Tikawauza chiyani anzathu?" Mtsikanayo anangoweramitsa mutu, misozi ili mbwe, pakuti mwana woleredwa bwino sayankha apongozi ake pagulu. Enafe tinakhala chete. Lero tikakumbukira, manyazi amatigwira chifukwa cha kukhala chete kumeneko, popeza tonse tinaona 12 pa tikiti, tonse tinaseka, ndipo palibe anafunsa.

Amene anatimasulira nkhaniyi anali dalaivala wa thiraki wa ku Ndola amene tinadya naye nsima madzulo. Atamva dandaulo lathu anati, "Amayi, foniyo siinaname, ndipo mwanayu sanalakwitse kulemba." Anatifotokozera kuti Tanzania, monga Kenya ndi Uganda, ili patsogolo pa Zambia ndi ola limodzi. Kwathu ikamakwana 06:00, kwao imakhala 07:00. Kalendala ya mu foni siisunga nambala yokha imene walemba. Imasunganso nthawi ya dziko limene foni inali pomwe unkalemba. Ife tinalemba 06:00 tili ku Chanyanya, choncho inamva kuti tikunena 06:00 ya ku Zambia. Itagwira netiweki ya ku Tanzania inasintha wotchi, n'kutiwerengera mokhulupirika kuti mphindi imeneyo kuno amaitcha 07:00. Chikumbutso chathu chinalira pa nthawi yeniyeni imene basi inkatuluka pageti.

Za 12 uja anaseka ndi iye, koma ankaseka ife. Pa Chiswahili maola a tsiku amayamba kuwerengedwa m'mawa, moti 07:00 ndi ola loyamba, masana enieni ndi ola la 6, ndipo 06:00 ya m'mawa ndi ola la 12. Tikiti inanena zoona kuyambira pachiyambi.

Usiku umenewo mtsikanayo anakonza zinthu zitatu ife tikuonerera. Anatsegula ulendo uliwonse mu kalendala, n'kupeza malo osankhira nthawi ya dziko. Wa ku Dar es Salaam ndi wobwerera ku Tunduma anauika pa nthawi ya East Africa, wa ku Nakonde kupita ku Lusaka anausiya pa nthawi ya ku Zambia. Kenako anatchera alamu wamba ya mu foni, imene ilibe nzeru zowerengera zimenezi: ukaiuza 05:00 imalira wotchi ikamaonetsa 05:00, kulikonse uli. Pomaliza anapita kwa kalaliki n'kumupempha kuti aloze ndi chala pa wotchi ya pakhoma pamene muvi udzakhale basi ikamanyamuka. Tsiku lotsatira tinali oyamba kukwera.

Pobwerera foni inafunanso kutipusitsa. Nakonde ndi Tunduma n'zogundana, ndiye tili kale mbali ya Zambia inali ikadagwira netiweki ya tsidya lija, n'kumaonetsa nthawi ya kumeneko. Mtsikanayo anazimitsa zoti izisintha yokha, n'kusankha Lusaka ndi dzanja. Amayi atcheya anamufunsa mofatsa, "Apongozi, kwathu tsopano ndi nthawi yanji?" Aka kanali koyamba kumufunsa kanthu chichitikire za pa siteshoni zija. Mawu oti pepani sitinawamve, koma m'chikwama cha mtsikanayo munali chitenje chimene apongozi ake anamugulira ku Kariakoo ndi ndalama za m'thumba mwawo.

Titafika ku Chanyanya tinaitana gulu lonse n'kufotokoza. Zotayikazo tinagawana asanu mofanana, palibe anasenza yekha. Phindu linachepa, koma chilimba sichinathe, ndipo chaka chino akufuna kupita ndi asanu ndi atatu.

Tsopano aliyense akatipatsa nthawi ya ulendo timayamba tafunsa kuti ndi ya dziko liti, tisanalembe mu foni. Mlembi wathu wafika pochita kupitirira muyeso. M'buku la gulu analemba kuti, "Msonkhano Loweruka, 14:00, nthawi ya ku Chanyanya." Azimayi amene sanapite nafe anaseka mpaka kugwira nthiti. Asanufe tinangoyang'anana.