Kalata ya Atate kwa Mwana Wopita ku Nazale ya ku Nyimba

Mtsikana wina wa ku Petauke wapeza ntchito pa nazale ya mbande ku Nyimba, ndipo atate ake amulembera kalata ya masamba awiri. Mkuluyu anagwirapo ntchito m'mashedi a maluwa kufupi ndi Lusaka m'zaka za m'ma 1990, pamene Zambia inkatumiza marozi ambiri ku Ulaya. Za mapemphero ndi za anyamata a pa siteshoni ya basi walemba mizere itatu yokha. Kwina konseko ndi nkhani ya coco peat.

"Mwanangu," ikutero kalatayo, "kuno wazolowera kuti tsamba likachita chikasu timathamangira urea. Kumeneko ukatero udzapha mbande za eni ake. Uziyamba wayeza."

Coco peat si dothi, akutero atate. Ndi makoko a kokonati operedwa, ochokera makamaka ku India ndi Sri Lanka, ndipo buloko ya makilogalamu 5 ikanyowa imafufuma mpaka malita 60 kapena kuposa. Chakudya cha mbewu mulibe chokwanira, koma sodium ndi potassium zimakhalamo zambiri. Makokowa amagwiranso calcium ndi magnesium n'kumana mizu. Choncho ngati ogulitsa sanaikonze kale, buloko yatsopano aitsuke, aiviike usiku wonse m'madzi a calcium nitrate, aitsukenso, kenako adzaze matileyi.

Pa madzi ndi pomwe atate akhalitsa. Ku Lusaka, kumene pansi pali mwala wa laimu, ketulo imachita nkhoko zoyera m'kati, ndipo madzi otero amakweza pH. Akafika ku Nyimba asuzumire m'ketulo ya pantchito, ayezenso madzi a pa mjigo. Akasungunula feteleza, pH ikhale pakati pa 5.8 ndi 6.2. Ikapitirira 6.5, iron imakhalapo m'madzimo koma mizu imalephera kuiyamwa. Feteleza wowonjezera sathandiza pamenepo. Chofunika ndi kutsitsa pH ndi asidi, pang'onopang'ono.

Tsamba lililonse aliyang'ane pomwe lili. Masamba anthete a kunsonga akayezuka, mitsempha ili yobiriwirabe, ndiye iron, ndipo ayambe ndi pH. Chikasu chomwecho chikayambira masamba akale a m'munsi, ndiye magnesium, mankhwala ake ndi Epsom salt. Tsamba la m'munsi likafwifwa lonse ndi mitsempha yomwe, pamenepo ndiye nitrogen. M'mphepete mukapsa, mchere waunjikana.

Matimati akada kumatako, mtsikanayu akumbukire nshawa za kwawo zomwe zimatuluka makoko okhaokha chifukwa chosowa calcium. Koma atate akuchenjeza kuti nthawi zambiri calcium imakhala ilimo m'thanki ya feteleza, vuto ndi kathiriridwe. Calcium imayenda ndi madzi, ndipo ku Nyimba, kufupi ndi chigwa cha Luangwa, dzuwa la Okutobala limaumitsa thumba la coco peat tsiku lisanathe. Likauma, mchere umakula mphamvu ndipo chipatso chimaperewera. Azithirira pang'ono koma kangapo, mpaka malita 1 kapena 2 pa malita 10 alionse adonthe pansi. Odonthawo awatape m'kapu, ayeze EC, muyeso wa mchere m'madzimo. Ikakwera kwambiri kuposa ya madzi amene anathira, atsuke thumbalo ndi madzi a feteleza wochepa mphamvu.

Malangizo ena ndi achidule. Calcium nitrate asamusakanize ndi feteleza wa sulphate kapena phosphate zisanasungunuke m'madzi ambiri, chifukwa zimagwirana n'kukhazikika pansi. N'chifukwa chake pamakhala thanki A ndi thanki B. Asidi ndiye amathiridwa m'madzi, osati madzi m'asidi, ndipo avale magolovesi. Mita ya pH aziiwongola sabata iliyonse ndi madzi ake oyezera a 4 ndi 7.

"Usinthe chinthu chimodzi, ulembe m'kope, udikire masamba atsopano," akutero atate. "Akale sabwereranso. Ukaona zachilendo uuze akapitawo tsiku lomwelo, usabise poopa kukalipiridwa."

Pansi pa kalatayo amake awonjezera ndi bolopeni yofiira: ayambe wafunsa mtengo wa tileyi ya mbande za matimati dimba lisanayambe mu Epulo, ndipo mkoko wa nthochi aupatsire kondakitala wodziwika.