Khomo la nambala 80 linatseguka

Ndaima kuti ndichitire umboni za ntchito imene inatsala pang'ono kundichititsa manyazi pamaso pa amayi a gulu lathu.

Loweruka lomaliza la Febuluwale kuno ku Mtenguleni kumadzaza anthu obwera ku Nc'wala, mwambo wa Angoni umene unayambiranso mu 1980, pomwe Inkosi ya Makosi Mpezeni amalawa zakumunda zoyamba. Amayi athu amaphika nsima ndi kugulitsa mtedza kwa alendo, koma mwambo ukatha pamabuka mikangano, pakuti ndalama zimalembedwa pa timapepala tosowa msanga. Ndinawalonjeza kaundula wa pakompyuta woti aliyense azilembamo ndi foni yake kudzera pa Wi-Fi yathuyathu, popanda intaneti, chifukwa tsikulo netiweki imalemedwa ndi khamu.

Ndinaika XAMPP pa laputopu ya Windows. Nditadina kuti seva yake, Apache, iyambe, inakana, n'kulemba mofiira kuti khomo lake, port 80, lili kale ndi mwini wake. Mwambo unali pafupi, ndipo tulo tinandithawa. Amayi apampando atandipeza anangoti, "Mwanangu, tibwerere ku timapepala?" Ndinayankha kuti, "Ayi amayi, mundipatseko mpata." Mumtima ndinali kulira.

Usiku umenewo ndinapemphera, mtima unakhala pansi, ndipo ndinayamba kuwerenga modekha zimene makinawo ankanena. Ndinalemba netstat -ano mu Command Prompt, n'kuona kuti khomolo lagwidwa ndi PID 4, kutanthauza Windows yeniyeniyo. Kumbuyo kwake kunali World Wide Web Publishing Service, mbali ya IIS, seva ina imene inkayamba yokha kompyuta ikayaka. Maseva awiri sangamvetsere pa khomo limodzi. Ena amasintha mzere wa Listen 80 mu httpd.conf kukhala 8080, koma ine sindinafune kuti amayi azivutika ndi manambala owonjezera. Ndinalowa mu services.msc, n'kuimitsa sevisiyo ndi kuiletsa kudziyambitsa. Apache inayaka mobiriwira.

Chimwemwe chinali chachifupi. Pa laputopu tsamba linkatseguka, pa mafoni ayi. Ndi ipconfig ndinapeza adiresi ya laputopuyo, ndipo mu Windows Firewall ndinalola httpd.exe kudutsa. Foni inafika, koma n'kulandiridwa ndi 403 Forbidden. Apa error.log ndiyo inandithandiza: inatchula foda yanga, imene ndinaisunga kunja kwa htdocs, kuti ilibe chilolezo chotsegukira mafoni. Apache 2.4 imafuna mzere wa Require all granted pa foda yotere. Ndinaulemba, n'kuyambitsanso seva.

Kutacha ndinatenga foni ya amayi apampando, ndinalemba adiresi ija, ndipo dzina lawo linaonekera pamwamba pa kaundula. Anaimba nthungululu mpaka anansi anatuluka m'nyumba.

Pa tsiku la Nc'wala, impi zikuvina ingoma, laputopu inali pansi pa tebulo ikulandira mbale iliyonse yogulitsidwa. Madzulo tinawerengera ndalama pamodzi, zinagwirizana ndi za mu kaundula, ndipo mayi aliyense anapita kwawo ndi gawo lake popanda wokwezera mnzake mawu.