Abakha Osema Ndi Madzi Ogwedezeka

Inu amene mumalima mpunga m'madambo a ku Chilwa mudziwa kuti bakha wa m'thengo ndi mbalame yocenjera. Ambiri mwandifunsa za abakha osema amene alenje a ku America amaika pamadzi kuti anyenge amoyo.

Imvani tsono. Bakha wamoyo sakhala cete. Amasambira, namiza mutu kufuna cakudya, ndipo madzi amacita timafunde. Tsiku lopanda mphepo, abakha ouluka akaona anzao ali duu ngati zitsa, amakaika napitirira. Cifukwa cace kunjako anapanga ena oyendera batire amene amapalasa madzi. Koma awa ngokwera mtengo, ndipo batire likatha mudzatani m'dambomo?

Ine nditi sankhani njira ya cingwe, imene alenje omwewo amaikhulupirirabe. Semani abakha atatu kapena anai a mtengo wopepuka, muwamange pa cingwe cimodzi. Nsonga yace mumange ku mphira wa cubu ca njinga, mphirawo ku cikhomo cozika m'matope. Mubisale m'mabango, mphepo ikuombeni kumsana, pakuti bakha amatera moyang'ana mphepo. Kokani pang'ono ndi kuleka. Mphira udzawabweza wokha.

Koma kumbukirani ziwiri. Kusaka ndi mfuti kufuna laisensi ya Boma. Ndiponso m'dzinja, pamene mbalame ziri kuikira, zilekeni. Nyanja itauma m'caka ca 1995 nsomba zinasowa, ndipo mabanja ambiri anapulumukira mbalame zomwezi. Tikazitha lero, ana athu adzadyera ciani nsima pa caka coipa?