Osamala Nkhokwe za Kompyuta

Mwana wa sukulu wa masiku ano akamva mawu akuti kompyuta, maganizo ake amathamangira ku galasi lowala lija ndi zala zovina pamwamba pa zilembo. Ambiri amayesa kuti munthu akadziwa kutayipa kalata, kutumiza uthenga pa intaneti ndi kutsegula Facebook, ndiye kuti za makompyuta wazimaliza. Komatu kukwera basi si kuiyendetsa, ndipo kuiyendetsa si kudziwa kumasula injini yake. Kuseri kwa galasi limene kalaliki wa ku banki kapena wa ku chipatala amayang'ana kuli makina ena amene anthu wamba sawaona n'komwe. Makinawo amakhala m'chipinda chokiya, sagona usana ndi usiku, ndipo ndi amene amasunga maina, malipiro, ngongole ndi matenda a anthu zikwizikwi. Akatswiri amawatcha seva, koma pa Chichewa munthu sangalakwe atawatcha nkhokwe. Tsono nkhokwe imalira anthu awiri: woiluka ndi woisamala. Woluka ndi uja amalemba mapulogalamu ouza makinawo chochita. Wosamala ndi uja amaonetsetsa kuti denga silikudontha, makoswe sadaboole, ndiponso kuti wotapamo ndi yekhayo amene ali ndi chilolezo.

Kufunika kwa anthu awiriwa kumaoneka bwino m'boma la Neno, limene lidapatulidwa ku Mwanza m'chaka cha 2003. Bomali lili ndi nkhope ziwiri. Kumtunda, cha kwa Dambe kufupi ndi malire a Mozambique, ndi kumapiri kozizira. Kumunsi, ku Lisungwi ndi ku Zalewa, ndi kuchigwa kotentha cha mtsinje wa Shire. Kwa zaka zambiri msewu wokwera ku Neno boma udali wosautsa kwabasi nyengo ya dzinja, kotero kuti mmisiri woitanidwa kuchokera ku Blantyre ankatha kutaya tsiku lonse panjira, mwina osafika n'komwe. M'chaka cha 2007 bungwe la Partners In Health lidayamba kugwira ntchito m'bomali pamodzi ndi Unduna wa Zaumoyo, ndipo lidatenga dzina lakuti Abwenzi Pa Za Umoyo. Zimene anthu amaona ndi maso ndi chipatala cha pa boma ndi cha ku Lisungwi. Koma pali chinanso chosaoneka chimene chidabwera pamodzi ndi nyumbazo, ndicho kaundula wa odwala wosungidwa pa kompyuta, woyendera pulogalamu yotchedwa OpenMRS.

Kuti munthu amvetse kulemera kwa kaundulayu, aganizire za mayi amene akumwa mankhwala otalikitsa moyo. Mankhwalawa sadumphitsa tsiku, ndipo mayiyo ali ndi tsiku lake lokatenga ena ku chipatala. Akapanda kufika, kaya chifukwa cha maliro, mtsinje wosefukira kapena kutaya mtima, pamafunika wina azindikire msanga. Pa odwala mazana angapo kalaliki wakhama angathe kusanthula makadi mmodzimmodzi, koma pa odwala zikwi zingapo omwazikana m'zipatala za kumapiri ndi kuchigwa, maso a munthu amalephera. Makina ndi amene amatulutsa mndandanda wa amene sadafike, ndipo mndandandawo umafika m'manja mwa azaumoyo a m'midzi kuti akawayendere. Seva ikazima kwa sabata ziwiri, palibe amene amamva kulira kwake, koma kumudzi kwina kuli munthu amene sadayenderedwe.

Pulogalamu ya OpenMRS idayambika m'chaka cha 2004 mwa mgwirizano wa Regenstrief Institute ya ku America ndi Partners In Health. Ndi yaulere, ndipo aliyense ali ndi ufulu wowerenga m'kati mwake ndi kusintha pamene afuna. Apa ndi pamene ambiri amanyengeka, poganiza kuti chaulere sichilira kanthu. Pajatu walira mvula walira matope. M'chaka cha 2015 azaumoyo a ku Neno adaphatikiza chisamaliro cha HIV ndi cha matenda ena okhalitsa monga kuthamanga kwa magazi, shuga, mphumu ndi khunyu, kuti wodwala asamayende maulendo awiri kapena atatu pa matenda a thupi limodzi. Maganizowo adali abwino, koma kaundula wolembedwera matenda amodzi sangangodzuka m'mawa n'kudziwa za shuga. Padafunika munthu wokhala pansi, womvetsa zimene namwino amafunsa wodwala, n'kuzisandutsa malamulo amene makina angamve, popanda kuononga zimene zidasungidwa kale. Ntchito yotere siitha, chifukwa nthawi iliyonse Unduna ukasintha mankhwala kapena fomu ya lipoti, pulogalamu nayonso iyenera kutsatira.

Ntchito ya wosamala ndi yosatchuka, ndipo ikamayenda bwino palibe amene amaiyamikira. Tsiku ndi tsiku ayenera kukopera zonse za m'nkhokwe n'kusunga kope lake pamalo ena, kuti moto, mphezi kapena mbala zikaononga makina, maina a anthu asapite nawo. Wophunzira bwino sakhutira ndi kukopera kokha. Amayesa kubwezeretsa kopelo pa makina ena, pakuti alipo ambiri amene adazindikira pa tsiku la tsoka kuti kwa miyezi yonse ankasunga mankhusu. Ayeneranso kulimbana ndi magetsi. N'zoseketsa ndithu kuti magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa Shire pomwepa, pa Nkula, pamene adayamba mu 1966, ndi pa Tedzani, koma kukhala pafupi ndi mtsinje sikuletsa kuzima kwake. Namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko lonse lidakhala mu mdima wa maola ambiri kwa nthawi yoposa chaka. Choncho wosamala seva ayenera kudziwa za mabatire, sola ndi jenereta monga momwe adziwira za mapulogalamu. Palinso vuto la maina. Kalembera wa ziphaso za unzika adachitika mu 2017. Chisanafike chaka chimenecho anthu ambiri adalibe chikalata chotsimikiza dzina kapena tsiku lobadwa. Munthu mmodzi amatha kulembedwa kawiri, lero ndi dzina la bambo ake, mawa ndi la mwamuna wake. Kugwirizanitsa makadi awiri otere molakwa ndiko kupatsa munthu matenda a mnzake. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanga luso lotere munthu amaliphunzira kuti? Maziko ake amapezeka m'makoleji monga NACIT, MUBAS, imene kale inkatchedwa Polytechnic, yunivesite ya Mzuzu ndi MUST ya ku Thyolo. Kumeneko wophunzira amadziwa kaganizidwe ka makina ndi kasanjidwe ka zosungidwa. Koma palibe koleji imene ingaphunzitse nkhokwe ya ofesi inayake, ndi zigamba zake zonse zimene anthu osiyanasiyana adasokererapo pa zaka khumi. Izi zimaphunziridwa monga amaphunzirira mwana wa mmisiri wosula makasu: kukhala pambali, kupemerera moto, kuona mkulu akulakwitsa ndi kukonza, kenaka kupatsidwa nyundo. Maphunziro a masiku atatu a ku hotela ya kunyanja, amene anthu amawakondera alawansi ndi chambo, angathandize wogwiritsa ntchito kudziwa podina, koma sadatulutsepo mmisiri. Akatswiri ochokera kunja nawonso ndi ofunika, pakuti mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Koma akuluakulu omwewo adatinso mlendo ndi mame. Muyeso wa katswiri wobwera si makina amene wasiya, koma ngati wasiya munthu wotha kuwadzutsa akagwa pakati pa usiku.

Vutoli si la Amalawi okha. M'chaka cha 1988 kampani ya IBM idatulutsa kompyuta yotchedwa AS/400, ya msinkhu wapakati: yaikulu kuposa ya pa tebulo, koma yochepera zimphona zimene maboma ndi mabanki akuluakulu amagwiritsa ntchito. Mafakitale, masitolo, mabanki ndi makampani a inshuwalansi m'maiko ambiri adaikonda chifukwa inkagwira ntchito zaka ndi zaka osavuta. Dzina lake lasintha kangapo, ndipo kuyambira 2008 imadziwika kuti IBM i, koma idapangidwa mwanjira yakuti mapulogalamu akale amayendabe pa makina atsopano. Ambiri mwa mapulogalamuwo adalembedwa m'chilankhulo cha makompyuta chotchedwa RPG, chimene chidayamba mu 1959. Kulimba kwa makinawa ndi kumene kudagoneka eni ake tulo. Poona kuti zonse zikuyenda, makampani ambiri adasiya kuphunzitsa achinyamata, makoleji nawo adatembenukira ku zilankhulo zatsopano, mpaka amene adalemba mapulogalamu aja adayamba kupuma pa ntchito ndi nzeru zawo m'mutu. Zofanana ndi izi zidaonekera poyera mu Epulo 2020, pamene bwanamkubwa wa New Jersey ku America, Phil Murphy, adachita kupempha pagulu anthu odziwa chilankhulo china chakale, COBOL. Makina olembera anthu ochotsedwa ntchito chifukwa cha Covid-19 adali atalemedwa, ndipo odziwa m'kati mwake adali ochepa.

Kuno kwathu phunziroli lidabwera mowawa kawiri. Boma lidayamba kulipira ndi kuwerengera ndalama zake kudzera pa makina otchedwa IFMIS m'chaka cha 2005. Mu 2013 kudaululika kuba kumene kudatchuka ndi dzina lakuti Cashgate: anthu ankalowetsa malipiro a katundu amene sadaperekedwe, macheke n'kutuluka, kenaka n'kufufuta mapazi awo m'makinamo. Lipoti loyamba la kampani ya Baker Tilly lidapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Makina sadabe kanthu. Chidasowa ndi mwambo umene wosamala aliyense ayenera kuphunzira tsiku loyamba: kuti munthu aliyense akhale ndi mawu achinsinsi akeake, kuti wolowetsa malipiro asakhalenso wovomereza, ndiponso kuti wokhoza kufufuta aziyang'aniridwa ndi wina. N'chifukwa chake maphunziro a ntchitoyi ndi a khalidwe pamodzi ndi luso, pakuti wosunga kiyi amaona malipiro a bwana wake ndi matenda a mnansi wake. Kachiwiri kadali kuchiyambi kwa 2024, pamene kusindikiza mapasipoti kudaima kwa milungu ingapo. Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti achiwembu adalowerera makinawo ndipo ankafuna dipo. Anthu adakangana kwambiri za gwero lenileni la vutolo, koma mfundo imodzi idaonekera kwa aliyense: makinawo adamangidwa ndi kampani yakunja, ndipo ophunzira, amalonda ndi odwala ofuna kupita kunja adadikira chifukwa dziko silidathe kudzutsa msanga nkhokwe yake.

Chovuta chimene chatsalira boma ngati Neno ndi kusunga amene aphunzitsidwa. Mnyamata kapena mtsikana akadziwa ntchitoyi, makalata omuitana amachokera ku Blantyre, ku Lilongwe ngakhale ku Johannesburg, ndipo palibe angamudzudzule akapita, pakuti naye ali ndi abale ofuna fizi. Ofesi yanzeru imavomereza zimenezi isanaphunzitse munthu. Imaphunzitsa awiri kapena atatu pamalo pa mmodzi, imasankha makamaka ana a m'dera lomwelo amene makolo ndi minda yawo ili pafupi, ndipo imalamula kuti chilichonse chosinthidwa m'makina chilembedwe m'buku: adasintha ndani, tsiku liti, chifukwa chiyani. Pofunsa ntchito yotere, satifiketi yokha siikwanira. Wofunsirayo amapatsidwa vuto kuti alimasule sitepe ndi sitepe monga samu, kenaka alembe zimene wachita m'chiganizo chomveka kuti wobwera pambuyo pake adzathe kutsatira. Mwana wa Fomu 4 wa kwa Mlauli kapena kwa Symon, ngakhale sukulu yake ilibe kompyuta ndi imodzi yomwe, zinthu ziwirizi akuziphunzira kale m'phunziro la masamu ndi la chimangirizo.