Mabatani Asanu ndi Madzi a M'boila

Kabokosi kamene ndimadyera n'kakang'ono, kotuwa, kokhomedwa pakhoma pafupi ndi boila. Kali ndi sikirini ndi mabatani asanu: MENU, ENTER, ESC, ndi mivi iwiri, wokweza ndi wotsitsa. M'mabuku amakatchula conductivity transmitter, koma pafakitale yathu ku Makata, kumunsi kwa Ndirande komwe ndimakhala, tonse timangoti mita ya madzi. Imayeza mmene madzi akulolera magetsi kudutsamo. Madzi opanda kanthu kalikonse m'kati amakana magetsi: pa madigiri 25 amangoonetsa 0.055 microsiemens (µS) pa sentimita. Mchere ukasungunukamo nambala imakwera, moti madzi a m'nyanja yamchere amafika cha m'ma 50,000.

Madzi amene timalandira ndi a Blantyre Water Board, ambiri opopedwa kuchokera mu Shire pa Walker's Ferry kudzera ku Chileka, ena a m'damu la Mudi. Kumwa ndi abwino, koma boila ili ndi mwambo wake. Madzi akawira, nthunzi imachoka, mchere n'kutsala, ndipo usana ndi usiku umangounjikana mpaka kumata m'machubu ngati nkhoko pansi pa mphika. Chubu chomatidwa chimadya mafuta ambiri, chimatentha mopitirira, kenako chimaphulika. N'chifukwa chake mita imalondera: nambala ikadutsa malire, imatumiza chizindikiro pa waya wa 4 mpaka 20 mA, valavu n'kutseguka, madzi okhuthala n'kutayidwa, atsopano n'kulowa.

Zamagetsi ndinaphunzira ku Soche Technical College, koma kuwerenga sikirini ndinakudziwira pantchito. Mnyamata watsopano amathamangira nambala yaikulu ya pamwamba. Ine ndimayamba ndi mzere waung'ono wa pansi. Ukadina muvi, mzerewo umasintha: kutentha kwa madzi, ma mA amene akutuluka, kenako nambala yaiwisi, yomwe mita isanaikonze. Apa ndi pamene pali nkhani yonse. Madzi akatentha digiri imodzi, conductivity imakwera ndi pafupifupi 2 peresenti ngakhale mchere usanawonjezekemo n'kamodzi komwe. Madzi omwewo pa madigiri 35 aonetsa pafupifupi 20 peresenti kuposa pa 25. Choncho m'kati mwa sensa, mbali ya mita imene imakhala m'madzi, muli kachipangizo koyeza kutentha, Pt1000, ndipo mita imawerengetsa kuti nambala ikhale ngati madzi ali pa 25, kaya ndi m'dzuwa la Okutobala kaya m'chiperoni cha Julaye. Kachipangizoko kakafa, kapena wina akalowa mu MENU n'kulemba kutentha pamanja, nambala yaikulu imaonekabe bwinobwino, yosagwedera, koma ndi yabodza.

Palinso kachilembo ka pakona. µS ndi mS zimafanana kwa munthu wotopa usiku, koma 1.2 mS ndi 1,200 µS. Mita zambiri zimasintha zokha kuchoka kwina kupita kwina. Amene salemba kachilemboko m'buku ndimamubweza akalembenso.

Ndisanazule sensa kuti ndiitsuke, ndimaika mita pa HOLD. Sensa ikakhala mumpweya imawerenga ziro, waya umatsikira pa 4 mA, ndipo makina amaganiza kuti madzi ayera mbee. HOLD imaumitsa chizindikiro pomwe chinali. Ndi yothandiza, komanso ndimaiopa kuposa china chilichonse pakabokosipo, chifukwa ukaiiwala mita imagona maso ali gwa, mchere n'kumakwera popanda woletsa. Sindichoka pamalopo mpaka mawu akuti HOLD atazima pa sikirini ndipo ma mA ayambanso kuyenda.

Kuyesa mita ngati ikunena zoona kumafuna kudekha. Ndimatsuka sensa, kuitsukuluza, n'kuimiza m'madzi apadera a potassium chloride, omwe pa madigiri 25 ayenera kuonetsa 1413 µS. Ndimaigwedeza pang'ono kuti thovu lichoke, popeza kathovu kamodzi kobisala pakati pa zitsulo kamatsitsa nambala. Kenako ndimadikira kutentha kukhazikike ndisanadine ENTER. Mita imaonetsa nambala yatsopano ya sensa yotchedwa cell constant, ndipo ndimaiyerekeza ndi yolembedwa pa sensa. Ikatalikirana nayo kwambiri sindivomereza. Ndimadina ESC n'kukatsukanso, chifukwa kuvomereza pamenepo n'kuphunzitsa mita kuti dothi ndi gawo la thupi lake. Madzi oyeserawo ndi odula, ndipo ena amabwezera otsala m'botolo kuti asunge ndalama. Ine ndimataya. Botolo likadetsedwa, mita iliyonse yoyesedwa nalo imasokera limodzi.

Mkangano umabwera alamu ikamalira pakati pa usiku. Woyang'anira boila amandiimbira: "Achimwene, chinthu chanuchi chikungolira, takwezaniko malire aja tipume." Ndimawamvetsa, phokosolo limalasa m'mutu. Koma ndimawayankha kuti, "Madala, tungani madzi m'kapu, muwaziziritse, muyeze ndi kamita ka m'manja. Zikafanana, vuto lili m'madzi." Kawirikawiri zimafanana, ndipo timapeza kuti valavu yakakamira. N'chifukwa chake MENU ndinaitseka ndi manambala achinsinsi. Ena amati ndine wouma mtima, koma amene amaima maola 12 pafupi ndi boilayo ndi iwowo, ndipo ali ndi ana kunyumba.

Kolera itavuta mu 2022 ndi 2023, mayi wina woyandikana nafe anabwera ndi botolo la madzi a pachitsime cha kufupi ndi mtsinje wa Nasolo. "Bambo a kwathu, paja mumayeza madzi kuntchito, tatiyezeraniko awa ngati ndi abwino kumwa." Zinandipweteka, chifukwa anabwera ndi chikhulupiriro chonse. Mita yanga siona tizilombo. Madzi odzaza kolera akhoza kuonetsa nambala yotsika kuposa madzi abwino a pamjigo wa ku Chikwawa, omwe amangokhala amchere. Ndikanawapatsa nambala, akanapita nayo kunyumba ngati chilolezo chomwetsa ana. Botololo sindinalitenge. Ndinawauza kuti awiritse madziwo kapena athiremo klorini amene alangizi azaumoyo ankagawa m'makomo, ndipo madzulo ndinawapititsira chigubu cha madzi a pampopi wathu.