Kwa Mwana Wanga wa ku Tug Argan

Wokondedwa mwana wanga,

Amayi ako akupereka moni, alongo akonso chimodzimodzi. Kuno ku Lundazi tadzuka bwino. Mtedza tinakumba, chimanga chili m'nkhokwe, thonje lokha ndi limene likudikira ogula.

Tsiku lija unaimba foni kunena kuti maphunziro a usilikali watsiriza ndipo akutumiza ku Tug Argan Barracks ku Ndola, ine ndinangoti "chabwino" n'kupereka foni kwa amayi ako. Ndamva kuti unadandaula, unayesa kuti sindinakondwere. Kukondwera ndinakondwera, mwana wanga, koma dzina la kampu yakoyo linanditseka pakhosi. Dzina limenelo ndinalimva koyamba ndili wamng'ono, pakamwa pa agogo ako, bambo anga, ndipo akalitchula ankayamba akhala chete kaye. Ndasankha kulemba chifukwa mawu a pafoni amatha ndi mayunitsi, pamene pepala ukhoza kulipinda n'kuliika m'thumba la yunifolomu.

Tug Argan ndi khwawa louma la m'dziko la Asomali, pa msewu wochokera ku Hargeisa kupita ku doko la Berbera. Madzi amayenda m'menemo mvula ikagwa basi, masiku ena onse ndi mchenga, miyala ndi minga. Agogo ako anafika kumeneko ali m'bataliyoni yoyamba ya Northern Rhodesia Regiment, gulu limene boma la atsamunda linapatula kuchokera ku polisi mu 1933. Usilikali anaulowa nkhondo isanayambe. Sanalowere kukonda mfumu ya ku England, imene sanaione ndi maso, koma msonkho. Mnyamata wa kuno nthawi imeneyo anali ndi njira zowerengeka: kukagwira ntchito m'minda ya fodya ya azungu ku Fort Jameson, imene lero timati Chipata, kupita ku migodi, kutsikira ku Halale, kapena kuvala kabudula wa khaki. Iwo anayenda pansi mpaka ku Fort Jameson, nakalembedwa, kenako anatumizidwa ku Lusaka. M'gulumo anapezamo Abemba, Aila, Angoni, Ansenga, Atumbuka ndi ena, ndipo chilankhulo chimene chinkawalumikiza onsewo chinali Chinyanja chathu chomwechi. Ngakhale akuluakulu achizungu ankayenera kuchiphunzira.

Nkhondo itabuka mu 1939, bataliyoniyo inatengedwa kupita ku Kenya, ndipo mu May 1940 inatsika sitima ya pamadzi ku Berbera. Pa 3 August Ataliyana anawoloka malire kuchokera ku Ethiopia, ali ochuluka kangapo kuposa owadikirawo. Anyamata athu anawagawira timapiri toyang'ana msewu, timene azungu anatipatsa maina awo: Black Hill, Knobbly Hill, Mill Hill, Observation Hill. Pafupi nawo panali bataliyoni yachiwiri ya King's African Rifles, Akeyala a ku Nyasaland, abale athu a kutsidya kwa Lusuntha. Panalinso Amwenye a ku Punjab, asilikali a ngamila a m'dzikomo, ndi Asikotchi a Black Watch. Nkhondo inayamba pa 11 August. Ndege zinkaponya mabomba, mizinga inkalira, ndipo timapirito tinali totalikirana moti ena sakanatha kuthandiza anzawo. Mill Hill inagwa pa 12, Observation Hill pa 15. Mkulu wa nkhondo, Godwin-Austen, ataona kuti akachedwa adani awatsekera msewu wa kunyanja, analamula kuti onse abwerere ku Berbera, akwere sitima kupita ku Aden.

Mabuku amathera pamenepo. Agogo ako ankayambira pamenepo. Za mizinga sankanena zambiri, nkhani yawo inali ludzu. Ankati lilime linkatupa mpaka munthu kulephera kuitana mnzake, ndipo madzi a m'botolo ankatentha ngati a pamoto. Ankasimbanso za mnzawo wa ku Petauke amene anali naye m'dzenje limodzi. Usiku wothawa uja anamusiya atatsamira mwala, akupuma, chifukwa panalibe womunyamula. Dzina lake anandiuza, ndalilemba m'kabuku kamene ndikusungira iwe. Mpaka kukalamba kwawo, agogo ako sankalola kuti mwana atayire pansi madzi otsala m'chikho. Ife tinkayesa nkhanza.

Kampu yako inatchulidwa dzina la nkhondo imene anthu athu anagonja, ndipo ine ndimaona kuti nkoyenera. Anagwira timapiri timeneto masiku asanu, m'dziko losakhala lawo, pa mkangano wosakhala wawo.

Kuchokera ku Aden anabwerera ku Kenya, ndipo mu 1941 analowa kummwera kwa Ethiopia kukathamangitsa Ataliyana omwe aja. Nkhondo ya m'dziko limenelo inathera ku Gondar, kumene mkulu wa Ataliyana, Guglielmo Nasi, anagonja pa 27 November 1941. Ukamamva za Gondar Barracks ku Chipata, dzinalo linachokera kumeneko. Nthawi yonseyi kwathu kuno ankalemba anyamata ena. Amesenjala ankayenda m'midzi ya kwa Mwase, kwa Magodi, kwa Zumwanda ndi kwa Mphamba, mafumu atauzidwa kuti apereke amuna. Gulu limene linali ndi bataliyoni imodzi linakula kufika pa 8. Yachiwiri, yachitatu ndi yachinayi zinatumizidwa ku chilumba cha Madagascar. Zina zinkalondera malo osiyanasiyana kumene kunalibe kumenyana, ndipo a m'menemo anabwerako opanda nkhani yoti anthu aziombera m'manja, ngakhale kuti nawonso anasiya akazi, ana ndi minda kwa zaka.

Bataliyoni yoyamba inakwezedwanso sitima kupita ku Ceylon, imene lero ndi Sri Lanka, kukaphunzira nkhondo ya m'nkhalango. Talingalira munthu amene madzi aakulu amene ankawadziwa ndi Luangwa, akugona masabata pa nyanja yosaoneka tsidya, akudziwa kuti pansi pake pakuyenda sitima za adani. Mantha amenewo anali ndi chifukwa. Pa 12 February 1944 Ajapani anamiza sitima yotchedwa Khedive Ismail, yochokera ku Mombasa, ndipo anthu pafupifupi 1,300 anafa, ambiri mwa iwo asilikali akuda a kummawa kwa Africa.

Chaka chomwecho anawatengera ku Burma, m'gulu lalikulu la 11th East African Division. Ajapani anali atangobwezedwa kumene ku Imphal ndi ku Kohima, ndipo mkulu wa asilikali a kumeneko, William Slim, anafuna kuti asapatsidwe mpata wopuma, ngakhale inali nyengo ya mvula yaikulu pamene magulu ankhondo nthawi zambiri ankaima. Ntchito yowalondola m'chigwa cha Kabaw inagwera anthu athu. Azungu ena ankati munthu wakuda malungo samugwira kwenikweni. Agogo ako akakumbukira mawu amenewa ankagwedeza mutu, chifukwa anaika m'manda anzawo ophedwa ndi malungo ndi kamwazi. Mvula ya kumeneko, ankatero, inkagwa usana ndi usiku osakata. Malole ankamira m'matope, chakudya chinkachita kuponyedwa kuchokera m'ndege, misundu inkalowa m'nsapato, zovala zinkaolera pathupi. M'njira ankapeza mitembo ya Ajapani ofa ndi njala, ena anyamata ang'onoang'ono. Apa agogo ako sankanyoza mdani. Ankati nawonso anali ana a anthu otumidwa.

Anakwera mapiri kukafika ku mtsinje wa Chindwin cha ku Mawlaik, ndipo pa 2 December 1944 tauni ya Kalewa inagwa m'manja mwa gulu lawo. Bataliyoni yachitatu, itachoka ku Madagascar, inakamenya nkhondo m'mbali mwa nyanja ku Arakan, kufupi ndi Taungup, mu 1945. Tsopano tawerenga makampu a dziko lathu: Chindwin ku Kabwe, Kalewa ku Ndola komweko, Mawlaik ku Kitwe, Taung-up ku Mufulira, Arakan ku Lusaka, ndi msewu wa Burma Road. Anzako ambiri amatchula maina amenewa ngati adiresi chabe. Ndi mapazi a agogo ako ndi anzawo, ndipo m'malo ena mwa amenewa muli mafupa a ana a m'midzi yathu ino.

Japan inagonja mu August 1945, koma sitima zobweza anthu zinali zochepa, ndipo agogo ako anafika pamudzi mu 1946. Anapeza amayi awo atamwalira kalekale. Kalata ya malirowo inawalondola m'maiko atatu osawapeza. Ndalama yothokoza asilikali inkawerengedwa potengera khungu: msilikali wamba wachizungu masheleni 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, wakuda masheleni 3 ndi theka. Chipolopolo sichinkasankha chonchi. Iwo anagula njinga ndi ng'ombe ziwiri, mendulo anazikulunga m'kansalu n'kuziika pansi pa bokosi, nabwerera ku khasu. Chausilikali chimene anachionetsa poyera chinali chimodzi chokha. Anyamata akamakonzekera muganda, ovala makabudula oyera, atanyamula malipenga a zikho, agogo ako ankatenga wezulo n'kuwaongola mizere ngati pa perete. Pamenepo pokha ndi pamene ndinkawaona akuseka ndi mano onse.

Pali ulendo wina wa gulu lomweli umene suli pa chipata cha kampu iliyonse, ndipo ndi umene wandikhazika pansi kuti ndilembe. M'zaka za m'ma 1950 linapita ku Malaya. Mu 1964 linabwera kuno kwathu.

Chaka chimenecho ndinali mwana wa sukulu, wa Sub B. Mpingo wa Lumpa, wa Alice Lenshina wa ku Chinsali, unali ndi anthu ambiri m'boma lino. Iwo ankakana makhadi a chipani ndipo anasamuka m'midzi n'kumanga yawoyawo yozingidwa ndi mipanda. Udani wawo ndi otsatira chipani cha UNIP unakula, nyumba ndi matchalitchi zinatenthedwa, anthu anaphana. Mu July magazi anakhetsedwa ku Chinsali. Usiku wa pa 2 kuchera pa 3 August, a Lumpa analowa pa boma la Lundazi, natenga mfuti kupolisi, napha anthu paboma ndi m'midzi yoyandikana. Ife tinagona kutchire, amayi atanditseka pakamwa ndi dzanja. Kenako asilikali anafika, ndipo pa 4 August anathira nkhondo mudzi wa a Lumpa ku Chipoma. Patangopita masiku ochepa, anthu wamba a m'midzi yozungulira anapulula a Lumpa a ku Paishuko, akazi ndi ana omwe. Boma linawerenga akufa oposa 700 m'chipwirikiti chonsecho, miyezi yochepa chabe ufulu wa pa 24 October usanafike.

Sindikukuuza kuti asilikali aja analakwa kubwera. Akanapanda kubwera, mwina ine sindikanakula n'kubereka iwe. Koma ndikukumbukira agogo ako ataima m'mbali mwa msewu, akuyang'ana malole akudutsa. Pa zipewa za anyamatawo panali chizindikiro cha mbalame chomwe chija iwo anavala ku Tug Argan ndi ku Kabaw. Atamva za Chipoma, kuti mbali ina kunali mfuti zolira ngati matalala ndipo mbali inayo kunali ambiri a mikondo ndi nkhwangwa akuimba nyimbo za pemphero, anakana nsima masiku awiri. Mawu amene ananena anali ochepa: "Ku Burma munthu ukawombera sunkadziwa amake. Kuno ukuwadziwa." M'mudzi uja munali mwana wa mlongo wawo.

Gulu limenelo ndi limene pa ufulu linasanduka Zambia Regiment, nyumba imene walowamo iweyi. Walandira zonse pamodzi, ulemu wa ku Tug Argan ndi chisoni cha ku Chipoma. Kumene udzapite sudzasankha wekha. Mwina adzakutumiza ku Central African Republic, kumene asilikali athu akhala akusungitsa mtendere pansi pa United Nations, mwina kumalire, mwina tsiku lina m'misewu ya tauni ya dziko lako lomwe. Mvera akuluakulu ako, usachite manyazi ndi ntchito yako, usamusiye mnzako kumbuyo ngati pali njira yomunyamulira. Koma tsiku limene kutsogolo kwa mfuti yako kudzakhale munthu wopanda chida, kaya wa mtundu wanji, kaya wa chipani chanji, kaya wa mpingo wanji, chala chako chidzayambe chakumbukira nsima imene agogo ako anakana. Wogonja usamuponde. Chakudya cha anthu osauka usalande, ndipo mwana wamkazi wa eni dziko umuone ngati mlongo wako.

Ndikupemphanso kanthu kena. Maulendo a mabataliyoni analembedwa bwino, tsiku ndi tsiku, doko ndi doko, ndi akuluakulu achizungu. Zimene anaona anyamata akudawo zambiri zinapita nawo kumanda, chifukwa ochuluka sankadziwa kulemba ndipo ife ana awo tinachedwa kufunsa. Ine ndinayamba kufunsa bambo anga maso awo atachita kale khungu. Iwe sukulu unapita. Gula kabuku, uzilembamo kumene wafika, amene unali nawo, chimene unadya ndi chimene chinakuopsa. Zachinsinsi za ntchito uzisiye, koma za mtima wako uzilembe, ndipo amayi ako uziwaimbira Lamulungu lililonse, chifukwa sakugona.

Ukapatsidwa tchuthi bwera msanga mvula isanayambe. Mendulo zija zilipo, zinayi, m'kansalu komwe kaja, ndipo ndagwirizana ndi abambo ako aang'ono kuti zikhale zako. Tidzapita limodzi kumanda kukalambula, ndipo simenti ndagula kale matumba awiri kuti tiike mwala wolembedwa dzina la agogo ako ndi bataliyoni yawo. Ubwere ndi yunifolomu yako, amayi ako akufuna kukuona utavala.

Ndine bambo ako,
kuno ku Lundazi.